Kuchokera pa sitima ya ku Mulobezi kufika pa laputopu yathu

Laputopu ya kunyumba kwathu ku Dambwa inafa mu October 2025, masana, dzuwa lili paliwombo. Inayamba ndi phokoso la fani, phokoso limene tinalizolowera mpaka tinaleka kulimva. Kenaka inayamba kuzima yokha tikatsegula mafayilo awiri kapena atatu nthawi imodzi. Tsiku lomaliza sikirini inangoti bii, ndipo batani loyatsira linaleka kuyankha. M'kati mwake munali lipoti la mlongo wathu la ku koleji, masamba 40 ofunika kuperekedwa pasanathe masabata awiri. Munalinso zithunzi za ukwati zimene mkulu wathu anajambula, eni ake atalipira kale, ndi ma CV a nyumba yonse. Laputopu inali imodzi, eni ake tinali anayi.

Tinaikulunga m'chitenge n'kupita nayo m'tauni, kwa mdala wina amene amakonza makompyuta ndi mawailesi m'kachipinda kakang'ono kuseri kwa msewu wa Mosi-oa-Tunya. Tinamufunsa funso limene aliyense amafunsa akafika pa thebulo limenelo: "Ba mudala, tikonze kapena tigule ina?" Iwo anaitembenuza, n'kuinunkhiza pamene pamalowa chaja, nati, "Khalani pansi. Manje tiyambe ndi zamkati, mafayilo munasunga kwina?" Tinayang'anana. Palibe anayankha.

Pamene mdalayo anali kumasula tizomangira, ife tinali kuyang'ana mashelefu ake. Panali mawailesi akale a matabwa, ma TV a msana waukulu, mafoni a mabatani, ndi malaputopu osanjikizana ngati mbale. Mbiri ya tauni yathu inali pa mashelefu amenewo. Funso lakuti tikonze kapena tigule silinayambe ndi ife. Anthu a mu Livingstone akhala akulifunsa kwa zaka zoposa 100.

Tauni ino inayamba ndi chitsulo chochokera kutali. Ulalo wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya unapangidwa zidutswazidutswa ku Darlington, ku England, ndi kampani ya Cleveland Bridge. Zidutswazo zinabwera pa chombo mpaka ku Beira, n'kukwera sitima mpaka pa Zambezi, ndipo ulalowo unatsegulidwa mu September 1905. Azungu amene anali kukhala ku Old Drift, m'mbali mwa mtsinje kumene malungo anali kuwatha, anasamukira pa mtunda wa mchenga pamene pali tauni lero. Mu 1911 Livingstone inakhala likulu la Northern Rhodesia, mpaka 1935 pamene likulu linapita ku Lusaka. Chilichonse chachitsulo chimene chinali kulowa m'dziko kuchokera kum'mwera chinali kudutsa pano. Koma chikathyoka, fakitale imene inachipanga inali kutsidya la nyanja, ulendo wa masabata ambiri.

Amene anaidziwa bwino nkhani imeneyi anali amakanika a kampani ya Zambezi Sawmills, imene inali kucheka mitengo ya mukusi. Kampaniyi inamanga njanji yakeyake ya makilomita oposa 160 kupita ku Mulobezi, koma siinali kugula mitu ya sitima yatsopano. Inali kugula yakale, imene Rhodesia Railways inatopa nayo, ina yopangidwa ku Britain cha m'ma 1900. Mitu imeneyo inakoka mitengo mpaka zaka za m'ma 1970, chifukwa panali anthu odziwa kuchotsa chitsulo pa mutu wakufa n'kuchiika pa wamoyo. Lero ina ili ku Railway Museum, pamalo pomwepo pamene anali kuikonzera. Tikamanena za katundu wa "ex-UK" ngati chinthu cha masiku ano, tizikumbukira kuti ex-UK yoyamba ya tauni ino inali kuyendera nthunzi.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Livingstone inayesa kusintha mbiri imeneyi. Inakhala tauni ya mafakitale. Kunali mafakitale a zovala ndi mabulangete. Kunali ITT Supersonic, imene inali kupanga mawailesi ndi ma TV konkuno. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 kunatsegulidwa Livingstone Motor Assemblers, kumene anali kulumikiza motoka za Fiat, ndipo pambuyo pake za Peugeot. Agogo athu ena anaphunzira kugwira chitsulo chowotcherera mawaya m'mafakitale amenewa. Wailesi imene inali kulira m'nyumba ya ku Chipata kapena ku Kitwe inali kutheka kuti inamangidwa ndi manja a munthu wa ku Libuyu kapena ku Maramba.

Komabe zamkati zambiri za makina amenewo zinali kuchokerabe kunja. Mu January 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo njanji ya kum'mwera siinatsegulidwenso mpaka 1978. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa msika wa dziko lonse, ndalama zakunja zinayamba kusowa, ndipo zida zosinthira pa makina zinasowanso. M'zaka zimenezo munthu sanali kutaya wailesi. Inali kupita kwa wokonza kasanu, kakhumi, mpaka bokosi lokha ndilo linali kutsala la pachiyambi.

Mu 1991 boma la MMD la Frederick Chiluba linatsegula msika. Katundu wakunja analowa motsika mtengo, ndipo mafakitale a mu Livingstone anatsekedwa imodzi ndi imodzi. Salaula inadzaza misika, osoka a m'mafakitale anabwerera kunyumba. Amene anali kumanga mawailesi anatsegula tizipinda tokonzera mawailesi a eni ake. Mdala wathu uja anatiuza kuti chitsulo chowotcherera anachigwira koyamba ali mwana, pa thebulo la atate ake, amene anagwirapo nchito ku fakitale ya mawailesi. Fakitale inatha, koma luso linatsala m'manja.

Kompyuta inafika m'tauni imene inali itazolowera kale salaula. Mu November 1994 Zambia inalumikizidwa ku intaneti kudzera ku ZAMNET, kampani imene inabadwira ku University of Zambia. Dziko lathu linali pakati pa maiko oyambirira kum'mwera kwa Sahara kuchita zimenezi. Mu Livingstone amene anafulumira kufuna intaneti anali a mahotelo, a maloji ndi alendo odzaona mathithi. Pofika zaka za m'ma 2000 m'tauni munali ma internet café angapo. Akulu athu amakumbukira kulipira pa mphindi, kudikira kuti Yahoo itseguke, ndi kunyamula floppy imene inali kusunga 1.44 MB, malo osakwana ngakhale chithunzi chimodzi cha foni ya lero. Makompyuta a m'ma café amenewo anali a pa thebulo, ambiri ogwiritsidwa kale nchito kunja. Ubwino wake unali wakuti anali kutseguka mosavuta. Chikafa chimodzi, unali kuchizula n'kulowetsa china.

Laputopu nayo ili ndi mbiri yake. Osborne 1, imene inatuluka mu 1981, inali kulemera pafupifupi makilogalamu 11, ndipo sikirini yake inali ya mainchesi 5 chabe. Mu 1991 kampani ya Sony inayamba kugulitsa batire ya lithium-ion, ndipo mu 1992 IBM inatulutsa ThinkPad. Batire imeneyo inathandiza kuti kompyuta ikhale yopepuka n'kuyenda m'chikwama. M'mabatire otere mumalowa cobalt, amene ambiri amakumbidwa ku Congo, ndipo timizere tonse ta pa motherboard ndi ta mkuwa, chitsulo chimene Copperbelt yathu yakhala ikutumiza kunja kwa zaka pafupifupi 100. Timatumiza mkuwa pa mathiraki odutsa pa Kazungula, umabwerera uli m'makina amene anthu ena anatopa nawo.

Njira yake ndi iyi. Makampani aakulu a ku Ulaya ndi ku America amasintha malaputopu a anchito awo pakapita zaka zitatu kapena zisanu. Akalewo amagulitsidwa ambirimbiri nthawi imodzi, amadutsa m'manja mwa amalonda a ku Dubai, Johannesburg ndi Lusaka, n'kufika m'mashopu athu. N'chifukwa chake m'makalasi a ku LIBES kapena ku David Livingstone College of Education mumaona HP EliteBook, Dell Latitude ndi Lenovo ThinkPad zokhazokha. Makina amenewa anapangidwira maofesi, ndi olimba, ndipo zida zake zimapezeka. Koma amafika kuno atagwira kale theka la moyo wawo.

Kwa zaka zambiri laputopu inali ya mabwana ndi a mabungwe. Zinthu ziwiri zinaisandutsa chofunika cha banja wamba. Choyamba chinali sukulu. Phunziro la makompyuta litalowa m'silabasi, ana a Giredi 9 analemba mayeso ake oyamba a pa kompyuta mu November 2015. Masukulu ambiri m'dziko anali ndi makompyuta ochepa, moti ana anali kulowa mosinthana, ndipo m'malo ena analemba mpaka usiku. Ena a ife tinali pa mizere imeneyo. Chachiwiri chinali Covid-19. Masukulu atatsekedwa mu March 2020, maphunziro a m'makoleji anasamukira pa intaneti. Foni inali kukwanira kumvera mphunzitsi, koma kulemba masamba 40 pa foni ndi chilango. Lero kufunsira nchito, kulembetsa ku koleji ndi kutumiza mainivoisi ku loji, zonse zimafuna makina.

Vuto ndi lakuti makina amenewa sanapangidwire October wa mu Livingstone. Mdani woyamba ndi kutentha pamodzi ndi fumbi. Mwezi umenewo kutentha kumapitirira madigiri 35, ndipo mchenga wa tauni ino umauluka ndi mphepo iliyonse. Fani imakoka mpweya pamodzi ndi fumbilo, fumbi limaunjikana pa tizitsulo totulutsira kutentha mpaka kukhala ngati kabulangete. Phala limene amapaka pakati pa processor ndi chitsulo choziziritsa limauma n'kukhala ngati dothi. Processor ikayandikira madigiri 100 imadzichepetsa liwiro, ndipo zikapitirira imazimitsa laputopu yonse kuti isapse. Kuzima kuja kumene tinali kukuona ngati ufiti kunali kudziteteza. Ife tinali kuwonjezera vuto poika laputopu pa matiresi, kutseka mabowo onse a pansi.

Mdani wachiwiri ndi malaiti. Tili ndi siteshoni ya malaiti pa mathithi pomwepa, ya mamegawati 108, koma malaiti ake amalowa m'mawaya a dziko lonse, ndipo dziko limadalira kwambiri Kariba ndi Kafue. Madzi atachepa mu 2015, mu 2019 ndi mu 2024, malaiti anayamba kugawidwa. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chinali tsoka la dziko lonse, ndipo chakumapeto kwa chakacho nyumba zambiri m'dziko zinali kuona malaiti maola atatu chabe pa tsiku. Laputopu imavutika pawiri. Batire imatha n'kudzazidwa, kutha n'kudzazidwa, m'chipinda chotentha, ndipo imakalamba msanga mwina kufufuma kumene. Komanso malaiti akamabwerera amatha kubwera ndi mphamvu yopitirira kwa kanthawi kochepa. Nchito ya chaja ndi kutsitsa mavoti 230 a pa khoma kufika pa 19 kapena 20. Chaja yabwino imapirira zimenezi. Chaja yotchipa ya pa msika imatha kungopititsa moto wonsewo ku motherboard.

Mdani wachitatu ndi hard disk. M'kati mwake muli mbale imene imazungulira ka 5,400 pa mphindi, ndi kasingano kowerenga kamene kamayandama pamwamba pake osakhudza. Laputopu ikagwa ili yoyaka, kapena ikagwedezeka m'chikwama pa njinga, kasinganoko kamakanda mbale. Zizindikiro zake ndi kuchedwa kutseguka, mafayilo okana kutseguka, ndi kaphokoso kakuti tiki tiki. SSD ilibe chozungulira chilichonse, n'chifukwa chake imapirira mabampu a msewu wa ku Ngwenya, ndipo laputopu yakale ikaikidwa SSD imathamanga ngati yatsopano.

Yathu inali ndi matenda onse atatu. Mdala anatisonyeza fumbi limene anachotsa pa fani, kenaka kamalo kakuda pa motherboard pafupi ndi polowera chaja. Chaja imeneyo tinaigula tokha motchipa yoyamba itatayika, ndiye panalibe womuloza chala. Anachotsa hard disk, n'kuiika m'kabokosi ka USB, n'kuilumikiza ku kompyuta yawo. Tinadikira mphindi zimene zinaoneka ngati tsiku lathunthu. Lipoti la mlongo wathu linatseguka lonse. Zithunzi za ukwati zinatuluka zambiri, koma zina za nthawi yodula keke zinakana, ndipo mkulu wathu anakapepesa kwa eni ukwati n'kubweza gawo la ndalama. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba miyezi itatu, ife osamvera.

Tsono funso lija linabweranso. Mdala anatiuza lamulo lawo. Ngati vuto ndi batire, chaja, kiyibodi, fani, sikirini, RAM kapena hard disk, konzani, chifukwa zonsezo zimasinthika ndipo mtengo wake sufika pa mtengo wa laputopu ina. Ngati vuto ndi motherboard, ndipo kukonza kukupitirira theka la mtengo wa ina, yang'anani zaka za makinawo musanatulutse ndalama.

Zaka zimenezo zili ndi nchito chifukwa laputopu ingafe ili yamoyo. Microsoft inaleka kuthandiza Windows XP pa 8 April 2014, Windows 7 pa 14 January 2020, ndi Windows 10 pa 14 October 2025, mwezi womwewo umene yathu inafa. Kompyuta siizima tsiku limenelo, koma imaleka kulandira zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowera. Windows 11 imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0, ndipo pa ma processor a Intel imavomereza kuyambira m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Yathu inali ya m'badwo wa 4. Malaputopu mamiliyoni a mibadwo yakale akuchotsedwa m'maofesi a kunja, ndipo mbiri ya salaula imatiuza kumene ambiri adzathera. Adzafika m'mashopu athu atapukutidwa bwino, pa mtengo wokoma. Safunsa anadya phula.

Ndiye tinafunsa. Tinaphunzira kuwerenga nambala ya processor: pa i5-4300U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 4, ndiye m'badwo wa 4, pamene i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8. Tinaphunzira kuti RAM ya 4 GB ndi yochepa masiku ano, 8 GB ndiyo poyambira. Tinaphunzira kuyesa batani lililonse, polowera USB paliponse, kamera ndi Wi-Fi tili m'shopu momwemo, kuchotsa chaja n'kuona mmene batire ikutsikira, kuona ngati BIOS ilibe pasiwedi ya kampani imene inali eni ake, ndi kupempha lisiti lolembapo masiku a chitsimikizo. Amene alibe ndalama yosinthira makina ali ndi njira ina. Linux imayenda bwino pa malaputopu akale ndipo ndi yaulere. Mtundu wake wina wotchuka, Ubuntu, unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi liwu lomwelija limene ife timati umunthu.

Ndalama tinaipeza pa chilimba cha amayi, n'kuwonjezera ya zithunzi. Laputopu imagulidwa ndi madola ngakhale ife timalipira makwacha. Mu 2015 dola imodzi inachoka pa makwacha 6 n'kupitirira 12 m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wa ife anaphunzira kuti mtengo wa pa shelefu umayenda ndi dola. Tinagula ya ofesi, yogwiritsidwa kale nchito, ya m'badwo wa 8, yokhala ndi SSD.

Tisanalipire, mdala anaumirira kuti tione ngati imatseguka pansi. Ichi ndicho chimawadetsa nkhawa kwambiri. Malaputopu ambiri atsopano, opyapyala aja, RAM yake inawotcheredwa pa motherboard, batire inamatidwa ndi guluu, ndipo ena ngakhale posungira mafayilo sipachoka. Pa makina otere hard disk yathu siikanazulidwa, ndipo lipoti lija likanapita ndi motherboard. Amakanika a ku Mulobezi anasunga mitu ya sitima kwa zaka zambiri chifukwa inali yomangidwa ndi mabawuti. Makina omatidwa salola luso limenelo. Kunja anthu ayamba kudandaula zomwezi. Kuyambira January 2021, dziko la France limakakamiza ogulitsa malaputopu kulemba pa katundu wawo nambala yosonyeza ngati ndi wosavuta kukonza. Ife amene timalandira makinawo pomaliza tili ndi chifukwa chachikulu chofunira zimenezi kuposa iwo.

Palinso nkhani ya manda. Pangano la Basel la 1989 ndi la Bamako la 1991 analembedwa kuti maiko olemera asasandutse Africa dzala la zinyalala zoopsa. Koma laputopu imene yatsala ndi chaka chimodzi imalowa ngati katundu wabwino, n'kudzafera kuno. Batire ya lithium ikaponyedwa m'dzenje la zinyalala n'kuwotchedwa imaphulika, ndipo utsi wa motherboard ndi poizoni. Zimene mvula imakokolola m'makomboni athu zimalowa mu Maramba, ndipo Maramba amathira mu Zambezi. Yathu yakale tinaisiya kwa mdala. Sikirini yake ili pa laputopu ya mphunzitsi wina wa ku Libuyu, RAM yake inapita kwa mnyamata wojambula makadi a ukwati, ndipo kiyibodi ikudikira pa shelefu.

Mlongo wathu anapereka lipoti lake kutatsala masiku atatu. Tsopano chilichonse chofunika chimakhala m'malo atatu: pa laputopu, pa flash, ndi pa Google Drive. Malaiti akapita timazula chaja pa khoma, ndipo akabwera timadikira pang'ono tisanailowetse. Laputopu siigonanso pa matiresi, ili ndi kathabwa kake. Mng'ono wathu wotsiriza, amene ali mu Giredi 11, amapita kwa mdala Loweruka lililonse kukagwira tochi ndi kusanja tizomangira, ndipo sabata yatha anasintha yekha fani yake yoyamba.

Tsiku limene tinapita kukawaonetsa yatsopano, mdala anaitembenuza, n'kuwerenga tizomangira ta pansi, n'kugwedeza mutu movomereza. Anati, "Iyi ili bwino. Mubwere nayo mu August, tiichotse fumbi kutentha kusanayambe."